Ulendo wa ku Hermanus uja wokaona anangumi, amene simunapite tamvani

Mai a Chikondi:
Mwaswera bwanji nonse. Ambiri mwakhala mukundifunsa kumbali kuti ulendo wa Lamulungu lapitali unayenda bwanji nde ndati ndingolemba pano kamodzi aliyense awerenge yekha. Tinalipo 14 kuphatikiza ana atatu. Dalaivala tinapangana naye poyamba uja anatiimbira Loweruka usiku kuti sabweranso wapeza ulendo wina wa ndalama zambiri, zinandiwawa kwambiri chifukwa anthu anali atasonkha kale ndalama zawo komanso ena atapempha kale off kwa mabwana awo, koma Bambo a Tiya anathamangathamanga mpaka kutipezera minibasi ina ya Quantum usiku womwewo, Mulungu awadalitse. Tinanyamuka pa Bellville 6 koloko m'mawa kukuzizira, N2 mpaka Somerset West, Strand, Gordon's Bay, kenako nkulowa msewu wa m'mbali mwa nyanja amautcha Clarence Drive, pa mapu ndi R44. Abale anga ine ndatha zaka 9 ku Cape Town kuno koma sindimadziwa kuti kuseri kwa mapiri timawaona tsiku ndi tsiku aja kuli malo otere. Kumanzere phiri laima ngati khoma, kumanja phompho, pansi pake mafunde akumenya miyala, ndipo ukaponya maso kutsidya ukuona mapiri a ku Simon's Town mpaka Cape Point. Msewu wake wokhotakhota ngati wa ku Golomoti potsika kuchokera ku Dedza kungoti uwu pansi pake si chigwa koma madzi okhaokha. Mu Quantum monse munali zii, ngakhale ana anasiya kulimbirana foni.

Anaphiri:
Zoonadi, ine ndinagwira mpando ndi manja onse awiri koma maso osachotsa pa windo

Bambo a Tiya:
Zikomo amayi, sindinachite chachikulu, ndi mlamu wanga anandipatsa nambala. Koma muwauze za pamene tinaima koyamba paja

Mai a Chikondi:
Ndikubwera pomwepo. Tisanafike ku Rooi-Els pali malo ambiri oimikapo galimoto m'mbali mwa msewu, nde tinaima pena kuti tijambule, Chikondi wanga ndi amene anayamba kukuwa kuti amama utsi utsi m'madzi! Kuyang'ana chapatali ndithu tinaona ngati nthunzi ikufwamphuka m'madzi yogawikana pawiri, kenako chinthu chakuda ngati mwala waukulu chikuyenda pang'onopang'ono. Ameneyo anali nangumi wathu woyamba. Anali patali koma mtima unagunda. Sitinadziwe kuti kutsogolo tikawaona pafupi mpaka kumva kupuma kwawo.

Achimwene a ku Dunoon:
Pepani ndifunse nawo, munasonkha zingati aliyense?

Mai a Chikondi:
R300 akuluakulu, ana theka. Imeneyo ya galimoto ndi mafuta. Chakudya aliyense ananyamula chake, Anaphiri anaphika mpunga ndi nkhuku, ine mandazi ndi thobwa la mu 5 lita, Che Mangochi anabwera ndi mazira owiritsa ndi zigege. Polowa pa Stony Point ku Betty's Bay pokaona mapengwini, mbalame za m'nyanja zosauluka zija, ndi pomwe tinalipira kangachepe aliyense yekha, ku Hermanus kuona anangumi uli pa mtunda ndi ulere

Achimwene a ku Dunoon:
Mmm. Ine osandimva molakwika koma R300 kungokaona nsomba zoti simudya? Kumudzi feteleza wakwera, ana akufuna fizi, mwezi uno ndatumiza kawiri. Tinabwera kuno kudzasaka osati kudzakhala ngati azungu a pa holide. Ndalama imeneyo ukaisintha kukhala makwacha ndi ndiwo za masiku angapo kwa amayi kumudzi

Anaphiri:
Achimwene zomwe mukunenazo palibe angatsutse, tonse tili ndi anthu akutiyang'ana kumudzi, ine ndikulera ana a malemu mchemwali wanga atatu ku Ntcheu ndipo mwezi ukatha sindigona tulo. Koma tamverani ndikuuzeni. Ine ndagwira ntchito m'nyumba ina yoyang'anizana ndi nyanja zaka 11, mawindo akuluakulu aja ndimapukuta ndine Lolemba ndi Lachinayi, nyanja ili pamaso panga pomwe koma sindinakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi kuti ndiiyang'ane, maso amakhala pa galasi kuona ngati latsala ndi mizere, nthawi ikakwana kuthamangira taxi. Lamulungu lija ndi tsiku loyamba ndinakhala pa benchi manja ali pamwendo opanda nsanza, kungoyang'ana madzi, ndipo nangumi ndi mwana wake atatulukira pansi pathu pomwe ndinalira misozi ndithu, Mai a Chikondi ndi mboni. Tsiku lina ndidzabwerera kwathu, adzukulu akadzandifunsa kuti agogo ku Joni munaonako chani ndikufuna ndidzakhale ndi chowauza choposa khitchini ya adona ndi siteji ya taxi

Che Mangochi:
Mwanena bwino achemwali

Achimwene a ku Dunoon:
Ndamva amayi. Sikuti ndimanyoza ayi, mtima ndi umene umakhala kumudzi basi

Nabanda wa ku Zwelihle:
Moni a pa gulu, ndimagwira ntchito pa nyumba ya alendo ku Hermanus konkuno chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano nde ndinakumana nawo alendo athuwa masana pa Gearing's Point, pomwe anthu amaima kuona anangumi. Achimwene a ku Dunoon chomwe ndinganene ndi choti anthu amakwera ndege kuchokera ku Germany, ku Netherlands, ku China kulipira ndalama zoopsa kudzaona zomwe ifeyo tili nazo pa mtunda wa makilomita 120 okha kuchokera mtauni. Ine ndimawayalira mabedi, ndimawaona akudzuka 5 koloko ndi makamera awo. Nde ife oti tili pompano tizilephera chifukwa chani. Komanso si chaka chonse, anangumiwa amabwera kuyambira cha mu June mpaka November, nthawi yabwino kwambiri ndi August, September ndi October, ikafika December amakhala atapita

Wachinyamata wa ku Capricorn:
Amapita kuti asisi? Ndiye amabweranji kuno?

Nabanda wa ku Zwelihle:
Amapita kummwera kwenikweni kufupi ndi Antarctica kozizira kuja, kumeneko ndi komwe kuli chakudya chawo. Kuno amabwera kudzabereka ndi kudzakwerana chifukwa mu Walker Bay muno madzi ndi odekha, mwana amakulira malo abwino. Aphunzitsi ndi omwe angafotokoze bwino, anatha theka la ola akuwerenga zikwangwani zonse pa Old Harbour

Aphunzitsi:
Zikomo Nabanda. Choyamba ndikonze pang'ono mawu a achimwene aja akuti nsomba. Nangumi si nsomba ayi ngakhale amakhala m'madzi, amapuma mpweya ngati ife, amabereka mwana wamoyo osati mazira, ndipo amayamwitsa. Utsi anauona Chikondi uja ndi mpweya akamapuma, mphuno zake zili pamwamba pa mutu ndipo zilipo ziwiri nchifukwa chake nthunzi imatuluka yogawikana ngati chilembo cha V. Mtundu tinaonawu pa Chingerezi amati southern right whale. Wamkulu amatalika mamita 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti pafupifupi ma Quantum atatu kuwandanda, kulemera kwake matani 40 ena kuposa. Mwana pobadwa amakhala kale wotalika ngati Quantum imodzi. Mimba yake ndi ya chaka chathunthu ndipo kawirikawiri mayi amabereka kamodzi pa zaka zitatu. Chinandikhudza ine kwambiri ndi chakuti miyezi yonse mayiyo ali kuno sadya kwenikweni, amangodalira mafuta a m'thupi omwe anasunga kozizira kuja, uku akuyamwitsa chimwana chachikulu chotere tsiku ndi tsiku mpaka iye kuonda, kudikira kuti mwana alimbe ayende naye ulendo wautali wobwerera. Ndinaganiza za amayi athu nthawi ya njala amene amati idyani ana inu ine ndadya kale

Mai a Chikondi:
Eeh aphunzitsi mwandikumbutsa mayi anga

Che Mangochi:
Mwana wa Bambo a Tiya anafunsa ngati chimenechi ndi chomwe chinameza Yona, munamuyankha bwanji paja

Aphunzitsi:
Ndinamuuza kuti mtundu uwu sungameze munthu, alibe ndi mano omwe. Mkamwa mwake muli zinthu zazitali zolendewera ngati chipeso chachikulu zomwe zimagwira ntchito ngati sefa, amayenda kukamwa kuli yasaa madzi nkumalowa, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi nkumatsalira pa sefapo. Chinyama chachikulu chonchija chimakhuta ndi tinthu tochepa kuposa bonya. Ndipo zoyerayera zokhakhala zili pamutu zija ngati njerewere zikuluzikulu, aliyense ali ndi zake zosiyana ndi mnzake ngati chidindo cha chala, nde akatswiri a ku University of Pretoria amauluka ndi ndege chaka chilichonse kuwajambula, kuwerengaku anayamba mu 1969, moti amadziwa kuti mayi uyu ndi yemwe uja anabwera zaka zitatu zapitazo ndi mwana wina

Wachinyamata wa ku Capricorn:
Koma nde ndaphonya. Ndinali pa ganyu ya garden ku Muizenberg. Ndiye munawaona pafupi bwanji?

Bambo a Tiya:
Aise pafupi zedi. Ku Hermanus kuli kanjira koyenda pansi pamwamba pa matanthwe m'mbali mwa nyanja, akuti konse ndi makilomita 12 kuchokera ku New Harbour mpaka ku Grotto Beach, ife tinangoyendako pang'ono. Madzi ake ndi akuya mpaka m'mphepete mwenimweni nde nangumi amabwera pafupi ngati kuchokera pa golo ina kufika pakati pa bwalo la mpira. Mayi anangogona pamwamba pa madzi phee, mwana akumuzungulira, kumukwera pamsana, kutsetsereka, kubweranso. Akapuma umamva phuuu ngati tayala la thiraki likuphwa. Wina chapatali anadumpha thupi lonse kutuluka m'madzi nkugwa chagada, phokoso linafika kwa ife patapita kanthawi ngati mfuti, anadumpha kanayi motsatizana anthu onse pa mtunda kukuwa, azungu, amaXhosa, ife, tonse chimodzimodzi. Wina anaimika mchira m'mwamba nkungokhala choncho nthawi yaitali mutu uli pansi

Nabanda wa ku Zwelihle:
Ndipo munamuona bambo woliza lipenga uja. Ntchito yake ndi imeneyo, amayenda m'mbali mwa nyanja ndi chikwangwani pachifuwa, akaona nangumi amaliza lipenga lopangidwa ndi zomera za m'nyanja zazitali ngati mapaipi zija zikauma, kuti anthu adziwe koyang'ana. Zinayamba mu 1992 ndipo mpaka lero alipo

Malume a ku Senga Bay:
Ndakhala chete ndikuwerenga. Anangumi ndinawaona ndipo ndinagoma, koma ine chomwe chandisowetsa tulo sabata yonseyi ndi timbalame tija ta ku Betty's Bay. Inu mukudziwa ine ndine mwana wa msodzi, ndakulira pa bwato, bambo anga anali ndi chilimila, usiku timapita ndi nyali kukakoka usipa. Nde titafika pa Stony Point paja nkuona mapengwini akuyenda dzendedzende ngati ana ovala suti, ana athu akuseka, kulira kwake ngati bulu ndithu, ine ndinasekanso nawo. Koma nditamufunsa mayi wina wogwira ntchito pamenepo kuti bwanji ena akuoneka owonda, anandiuza kuti njala. Chakudya chawo ndi tinsomba ting'onoting'ono, sardine ndi anchovy, usipa wa kuno tinene choncho, nde masitima akuluakulu amakokolola tinsombato komanso tina tinasamukira kwina chifukwa madzi asintha, mbalame imasambira mtunda wautali osapeza kanthu, pobwera ana afa ndi njala pa chisa. Abale ine ndinangoti zii chifukwa nkhani imeneyi ndikuidziwa, ndi nkhani ya kwathu. Ndili mwana chambo timadya ngati ndiwo wamba, bambo amabwera bwato litadzaza mpaka kugawira anthu pa doko ulere, lero chambo ku Salima ndi cha anthu a ndalama, anyamata akukoka ndi maneti a udzudzu kukokolola ndi tiana tomwe, kasawala osamusiya akule. Nchifukwa chake enafe tili kuno tikutchetcha kapinga wa anthu, nyanja inasiya kutidyetsa. Nde ndimayang'ana kambalame kaja kali njoo pa mwala kuyang'ana kunyanja ndinaona ngati ndikuona bambo anga masiku awo omaliza atakhala pa mchenga

Anaphiri:
Pepani malume

Aphunzitsi:
Malume mwakhudza penipeni. Mu October 2024 bungwe la dziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mapengwini a mu Africa pa gulu la zolengedwa zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Amapezeka ku South Africa ndi ku Namibia kokha dziko lonse lapansi. Kale analipo mamiliyoni, pano ku South Africa kuno mabanja oswana sakufikanso 10,000, ndipo akatswiri akuchenjeza kuti zikapitirira chonchi pofika 2035 akhoza kutha m'nyanja. Sizinayambe lero, kalekale anthu ankatola mazira awo kukagulitsa ngati chakudya, nkukokolanso zitosi zomwe zinaunjikana pa zilumba kukapanga feteleza, pomwe mbalamezi zinkakumba zisa zawo m'zitosi momwemo, nchifukwa chake pa Stony Point munaona timabokosi tija awaikira kuti aziswanamo. Mu 2000 sitima yotchedwa Treasure inamira pakati pa Robben Island ndi Dassen Island mafuta nkutayikira m'nyanja, mapengwini pafupifupi 19,000 anadetsedwa ndi mafutawo, anthu ongodzipereka ankawasambitsa mmodzimmodzi ndi manja ndipo ambiri anapulumuka. Bungwe la SANCCOB lomwe limawasamalira lili ku Table View, achimwene a ku Dunoon ndi kufupi ndi kwanu konko

Achimwene a ku Dunoon:
Ku Table View ndimadutsako daily popita ku ntchito koma sindimadziwa

Aphunzitsi:
Ndipo mu March 2025 khothi linavomereza mgwirizano woti masitima ogwira sardine ndi anchovy asamafike pafupi ndi malo asanu ndi limodzi omwe mbalamezi zimaswana kwa zaka khumi, Stony Point ndi amodzi mwa malowo

Malume a ku Senga Bay:
Ndiye ndi zomwe amachita ku Mbenji zimenezo! Chilumba cha Mbenji kwathu ku Salima kwa Makanjira, mafumu amatseka chaka chilichonse kuyambira December mpaka cha mu April, palibe oponya khoka, aliyense achoke pa chilumba nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba kale m'ma 1950 osadikira boma kapena khothi. Akatsegula utaka wake umaona wekha kusiyana ndi madoko ena. Makolo athu ankadziwa kuti nyanja imafuna kupuma. Ine zimandipweteka kuti nzeru tili nayo koma madoko ambiri sitiitsatira chifukwa cha umphawi, munthu ana akulira njala sungamuuze kuti dikira April

Che Mangochi:
Ku Malombe nde kunatheratu malume, ine ndakulira kumeneko, chambo cha ku Malombe chinali chotchuka koma lero ndi kambuzi basi. Koma anangumi aja akuti nawonso anatsala pang'ono kutha eti aphunzitsi, nde anabwerera bwanji

Aphunzitsi:
Eya. Pa Stony Point pomwe tinaima paja kale panali fakitale yophera anangumi, inatsekedwa mu 1930, zotsalira zake zina zikuonekabe. Dzina loti right whale linabwera chifukwa alenje ankati ameneyu ndiye woyenera kupha, amayenda pang'onopang'ono, amabwera kufupi ndi mtunda, ali ndi mafuta ambiri ndipo akafa amayandama samira. Anawapha mpaka kutsala ochepa zedi. Mu 1935 maiko anagwirizana zoletsa kupha mtundu umenewu, nde pang'onopang'ono akhala akuchulukanso, koma taonani papita zaka zingati, pafupifupi 90, chifukwa mayi amabereka mwana mmodzi pa zaka zitatu. Mapengwini nawo anayamba kuswana pa Stony Point mu 1982 pamalo pomwe pankaphedwa anangumi pomwepo

Mai a Chikondi:
Tisaiwale kuwachenjeza omwe akufuna kupita ulendo wachiwiri za zomwe zinachitika ku Kogel Bay. Che Mangochi fotokozani ndinu munali pafupi

Che Mangochi:
Iyi nde mumvetsere bwino makamaka inu akunyanja ngati ine ndi malume, chifukwa ife ndi amene timadzidalira. Tinaima pa Kogel Bay kuti tidye kadzutsa, mnyamata wathu wina sindimutchula anatsikira pa miyala kuti ajambulitse, nyanja ili kumbuyo kwake. Madzi amaoneka ali patali ndithu, mafunde angapo anabwera osafika pomwe anaima, kenako linabwera limodzi lalikulu mosayembekezereka linamumenya mpaka m'chiuno nkumugwetsa, mwayi anagwira mwala, ine ndi Bambo a Tiya tinamukoka, foni inapita, mawondo ndi zikhatho zonse magazi. Likanabwera lachiwiri tikanakamba zina pano. Nyanja iyi si ya kwathu abale. Kwathu mwera ukamabwera umauona, umadziwa kuti lero sitilowa, koma kuno kunja kuli bwinobwino dzuwa likuwala funde limachokera kutali nkudzakutenga pa mwala. Komanso madzi amaphwa nkudzazanso kawiri pa tsiku, pomwe unaponda pouma 9 koloko pofika 12 pamira. Ndipo ndi ozizira ngati a mufiriji, ngakhale katswiri wosambira wa ku Cape Maclear manja amauma msanga. M'mbali mwa msewu uja muli mitanda ya anthu omwe anakokoloka akuwedza pa miyala, tinaiona ndi maso athu

Bambo a Tiya:
Ine mpaka pano ndikakumbuka thupi limachita tsemwe. Ulendo wina lamulo likhale loti palibe wotsikira pa miyala yonyowa, ndipo osafulatira nyanja. Ana agwiridwe pa mkono

Nabanda wa ku Zwelihle:
Zikachitika zoopsa imbani 112 pa foni iliyonse muwauze kuti munthu wagwera m'nyanja akulumikizeni ndi a NSRI, ndi omwe amapulumutsa anthu m'madzi. Ndipo wina akagwera musamulumphire kumutsatira, anthu ambiri amafa awiri chifukwa cha zimenezo

Anaphiri:
Anyani nawonso muwauze. Ku Rooi-Els tinasiya windo lotsegula pang'ono nyani wamkulu analowetsa dzanja nkutenga buledi yense wa ana, samaopa munthu ngati a kumunda kwathu aja oti ukangotola mwala athawa. Chakudya chibisidwe, mawindo atsekedwe ndipo kuwapatsa chakudya ndi mlandu. Mbira nazo zadzaza pa miyala ku Hermanus ndi ku Stony Point zonenepa bwino, ana amafuna kuzigwira koma zimaluma

Malume a ku Senga Bay:
Mapengwini nawonso mlomo wake ndi lumo, nchifukwa anamanga kanjira ka matabwa kuti tiziyenda pamwamba osawasokoneza. Ena anali atanyonyoka nthenga ngati nkhuku yachitopa ndinayesa akudwala, koma akuti amasintha nthenga kamodzi pa chaka, masabata atatu osalowa m'madzi osadya, nde ukawathamangitsa nthawi imeneyo ukuwapha

Wachinyamata wa ku Capricorn:
Nanga bwanji osangopita ku Boulders ku Simon's Town, ife a ku Capricorn ndi Masiphumelele ndi pafupi, sitima imafika

Mai a Chikondi:
Ku Boulders nkwabwinonso ndipo amene sangakwanitse ulendo wautali apite kumeneko, koma polowa ndi pokwera mtengo kuposa ku Stony Point komanso anthu amadzaza ma basi a alendo mpaka kusowa poima. Ku Betty's Bay kunali phee, timachita kumva mbalame zikulira. Ndiponso ukapita ku Boulders waphonya msewu uja ndi Hermanus

Achimwene a ku Dunoon:
Nanga pa boti munakwera? Ndimaona pa Facebook anthu ali pa boti nangumi ali pambali pawo

Nabanda wa ku Zwelihle:
Maboti alipo amanyamukira pa New Harbour koma ndi kuposa R1000 munthu mmodzi, ndipo tsiku la mphepo alendo athu amabwera atasanza ulendo wonse osaona kanthu. Kwa ife pa mtunda pakwana, Hermanus imatchuka chifukwa cha chimenecho kuti nangumi umamuona uli chiimire pa mwala. Lamulo lake boti wamba kapena munthu wosambira asayandikire nangumi kuposa mamita 300, okhawo ali ndi chilolezo ndi omwe amafika pafupi. Amene ali ndi ndalama tsiku lina apite ku Gansbaai kutsidya kwa bay, kumeneko kuli kachilumba kodzaza ndi ma seal masauzande ambiri, ndi komwe kunkatchuka ndi shaki zikuluzikulu zija, koma kuyambira 2017 zinayamba kusowa chifukwa kunabwera ma orca awiri, anangumi akuda ndi oyera okhala ndi mano aja, anawapatsa maina oti Port ndi Starboard omwe amapha shaki nkudya chiwindi chokha

Malume a ku Senga Bay:
Ma seal tinawaona awiri pa Old Harbour akusewera m'zomera zija, nkhope ngati katumbu wa kwathu koma wonenepa ngati nkhumba

Achimwene a ku Dunoon:
Chabwino mwandikopa. Koma ine ndikapita ndinyamule mbedza, ndibwereko ndi ndiwo kuti R300 ija ibwerere

Nabanda wa ku Zwelihle:
Achimwene chonde ayi. Kuwedza kuno kumafuna permit yake, komanso ku Betty's Bay ndi malo otetezedwa ali ndi malamulo ake. Ndipo ndikuchenjezeni nonse, wina akadzakuuzani kuti tolani kapena nyamulireniko perlemoen, nkhono zija za mtengo wapatali, thawani. Dera lino apolisi sasekerera nkhani imeneyo, anthu akumangidwa, galimoto kulandidwa, ndipo kwa ife obwera zimathera kutumizidwa kwathu. Musatole kanthu kamoyo pa miyala. Mukafuna nsomba fish and chips ali mbwee mtauni

Achimwene a ku Dunoon:
Ndamva achemwali, mbedza itsala

Bambo a Tiya:
Komanso aliyense anyamule pasipoti ndi mapepala ake, pa N2 pamakhala ma roadblock. Ife pobwerera tinadzera R43 mpaka Bot River kenako N2 kukwera Houw Hoek, Grabouw, kutsika Sir Lowry's Pass magetsi a tauni yonse akuoneka pansi, ndi yachidule ola limodzi ndi theka. Koma ulendo uno ndikuganiza tipange mosemphanitsa, tipite pa N2 m'mawa tikafike ku Hermanus mphepo isanayambe, pobwera nde tidzere ku Kleinmond, Betty's Bay ndi Clarence Drive dzuwa likulowa, chifukwa pobwera galimoto imakhala mbali ya kunyanja nde kuima pa malo ojambulira aja sikuvuta, sitidutsa msewu ndi ana

Aphunzitsi:
Maganizo abwino koma tionetsetse nthawi yotsekera pa Stony Point kuti tisakapeze atatseka, amatseka madzulo kusanade. Komanso mvula ikagwa yambiri sabata imeneyo tifunse kaye ngati msewu uli wotsegula, mukumbuka September 2023 mvula ija inagumula Clarence Drive komanso N2 pa Bot River, anthu anakhala nthawi osadutsa. Msewu umene uja anaumanga ndi akaidi a nkhondo a ku Italy nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kusema phiri ndi manja, anthu obwera ngati ife tomwe

Nabanda wa ku Zwelihle:
Musasankhe weekend ya Whale Festival, tauni imadzaza poimika galimoto pamasowa. Bwerani Lamulungu wamba mu October anangumi akadalipo ndi ana awo. Majuzi ndi zipewa musaiwale ngakhale kutacha bwino, mphepo ya kuno imalowa m'mafupa. Ine ndidzapempha off ndidzakudikirani pa Gearing's Point ndi tiyi mu flask

Mai a Chikondi:
Nde tipange chonchi, Lamulungu lachiwiri la October, malo ndi 14. Amene akufuna alembe dzina pansipa, ndalama ifike kwa Anaphiri pasanathe sabata ziwiri kuti tigwire galimoto msanga zisachitikenso zija. Amene sanapite ulendo woyamba ndi omwe ayambe kulemba

Wachinyamata wa ku Capricorn:
Ine 1, ndauza kale abwana a ku Muizenberg kuti tsiku limenelo sindibwera

Achimwene a ku Dunoon:
Ine ndi mayi a kunyumba ndi mwana, mundilembe atatu. Mwanayu anabadwira konkuno koma nyanja amangoionera pa windo la MyCiTi

Malume a ku Senga Bay:
Malo akatsala mundiikemo ndibwerezenso, ndikufuna ndikajambule bwino timabokosi ta mapengwini tija ndi zikwangwani ndikatumizire a komiti ya pa doko kwathu aone

Mai a Chikondi:
Malume malo anu alipo. Atsala 9